Sikelo ya Malonda a Mpweya

Aliyense amene anaperekezako fodya wake ku okushoni, kaya ku Limbe kaya ku Kanengo, akudziwa mwambo wa malonda monga momwe makolo athu anauphunzirira: belo limaikidwa poyera, wogula amalitsegula, amagwira tsamba ndi kulipenyetsetsa, sikelo imanena kulemera kwake, ndipo ngakhale mlimi abwerere kwawo akung'ung'udza chifukwa cha mtengo, sakayika konse kuti chinthu chooneka ndi maso chachoka m'manja mwake n'kulowa m'manja mwa wina. Koma masiku athu ano kwabuka malonda ena achilendo, amene anthu ophunzira amawatcha malonda a kaboni, m'mene wogulitsa sasenza kanthu popita kumsika, wogula satuta kanthu pobwerera kwawo, komabe ndalama zochuluka zimawoloka nyanja, ndipo mayina a midzi ya kuno kwathu amalembedwa m'mabuku a makampani a ku Zurich, London ndi Dubai, nthawi zina eni midziyo asanamvetse chimene chagulitsidwa. Popeza malondawa afika kale m'nkhalango za Nyika ndi Nkhotakota, m'chigwa cha Luangwa, ngakhalenso pamafuwa pamene amayi athu amaphikira, n'koyenera kuti tikhale pansi ndi kuwasanthula mosafulumira, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tiyambe ndi katunduyo. Munthu akatentha malasha, petulo, dizilo kapena nkhuni, pamatuluka mpweya wosaoneka ndi wopanda fungo, umene pano tiziutcha mpweya wa kaboni. Ndipo mpweya umenewu ukakwera kumwamba umakhala ngati bulangeti lofunditsidwa pa dziko, limene limalola kutentha kwa dzuwa kulowa koma n'kumakukaniza kutuluka. Bulangeti limeneli si loipa palokha, chifukwa popanda ilo dziko likanazizira kosakhalika. Choipa n'chakuti kuyambira pamene mayiko a ku Ulaya anayamba kuyendetsa makina awo ndi malasha, zaka zoposa 200 zapitazo, lakhala likukhuthala kosaleka. Kale mpweya wa kaboni unali magawo 280 pa magawo 1 miliyoni alionse a mpweya wa mumlengalenga, koma lero wapitirira 420, ndipo chiyambire 1958, pamene Charles David Keeling anayamba kuuyeza pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii, sichinapite chaka n'chimodzi chomwe chimene chiwerengerocho chinatsika. Mtengo ndiwo mthandizi wathu pa nkhondoyi, popeza umamwa mpweyawo ndi masamba ake n'kuusandutsa thunthu, nthambi ndi mizu, mwakuti pafupifupi theka la kulemera kwa nkhuni youma ndi kaboni. Mtengo uli chilili ndi nkhokwe yotseka. Ukagwetsedwa n'kuotchedwa makala, nkhokweyo yapasuka. Chichewa chathu chinachita ngati chinalosera pamene chinapatsa dzina limodzi kwa chomera cha m'nkhalango ndi kwa ndalama zogulira chinthu, pakuti malonda onsewa ndiwo kuika mtengo pa mtengo.

Tsono anakhuthalitsa bulangetilo ndani? Africa yense, ndi anthu ake oposa 1.4 biliyoni, amatulutsa magawo osafika 4 pa magawo 100 alionse a mpweya wochokera ku malasha, mafuta ndi simenti pa dziko lonse. Mmalawi mmodzi amatulutsa pafupifupi gawo limodzi la magawo khumi a tani pa chaka, pamene munthu mmodzi wa ku America amatulutsa matani pafupifupi 14. Ndiye kuti chimene mayi wa ku Ntchisi amatulutsa kuchokera Januwale mpaka Disembala, mnzake wa kutsidya lija akayamba Lolemba wachikwanitsa pofika Lachitatu.

Koma chilango sichinalondole khomo la wochimwa. Nyanja ikatentha imadyetsa anamondwe, ndipo mpweya wofunda umasenza chinyontho chochuluka chimene umachikhuthula nthawi imodzi mwaukali. M'Malichi 2019 namondwe Idai anasakaza mzinda wa Beira, napha anthu oposa 1,000 m'Mozambique, Zimbabwe ndi Malawi. M'Januwale 2022 namondwe Ana anagumula damu la Kapichira pa Shire, ndipo pafupifupi gawo limodzi la magawo atatu a magetsi a dziko lino linazima kwa chaka chathunthu ndi kupitirira. Kenaka kunadza Freddy, amene anabadwira kufupi ndi Australia m'Febuluwale 2023, nayenda pa nyanja ndi pamtunda masiku 36, nthawi imene namondwe wina aliyense wolembedwa m'mabuku sanakhalepo. Ndipo pamene anafika kummwera kwa Malawi m'Malichi, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche usiku n'kukwirira mabanja a ku Chilobwe ali m'tulo, chimodzimodzinso ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu, kumene akuluakulu anati Napolo wadutsa. Anthu oposa 1,000 anafa kapena anasowa osapezekanso, ndipo oposa 600,000 anasiya nyumba zawo. Misozi isanaume, chaka chotsatira kunagwa ng'amba, mwakuti m'Malichi 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala, pamene ku Zambia madzi a Kariba anaphwera ndipo Lusaka anagona mumdima. Tisanamizane, owerenga anga, ngati kuti ife tilibe mbali pa tsokali: phiri la Soche tinalimeta tokha ndi nkhwangwa zathu, ndipo umphawi unakankhira anthu kukamanga m'njira za madzi. Koma nkhwangwa ya ku Chilobwe sindiyo inatenthetsa nyanja yamchere ya India.

Pamene mayiko anasonkhana ku Kyoto, ku Japan, m'chaka cha 1997, kuti mayiko olemera alonjeze kuchepetsa utsi wawo, anatsegulanso kakhomo kena kambali, kamene nzeru yake inali yotere: thambo ndi limodzi, ndipo tani ya mpweya imene yaletsedwa kukwera ku Mchinji n'chimodzimodzi ndi tani imene yaletsedwa ku Manchester, popeza tsono n'kotchipa kuteteza nkhalango kapena kumanga mbaula m'dziko losauka kusiyana ndi kusintha makina a fakitale m'dziko lolemera, wolemerayo alipire wosaukayo kuti achepetse m'malo mwake. Tani iliyonse yopulumutsidwa motero imalembedwa pa chiphaso chimene m'Chingerezi amati carbon credit, ndipo ife tingoti chiphaso cha kaboni. Kuti tani ya mpweya isakhale mawu ouluka, dziwani kuti ndi utsi wa malita pafupifupi 430 a petulo, madiramu awiri ndi pang'ono pamwamba. Kampani ya ndege kapena ya zovala ikagula ziphaso zolingana ndi utsi wake, imalengeza kwa ogula ake kuti yasamba m'manja. Pa ndondomeko ya ku Kyoto ija ntchito zambiri zinapita ku China, India ndi Brazil, Africa n'kungotola nyenyeswa. Koma pambali pake panakula msika wina, umene makampani amagulako mwa kufuna kwawo osakakamizidwa ndi lamulo, ndipo ziphaso zake zimasindikizidwa ndi mabungwe omwe si aboma, monga Verra wa ku Washington ndi Gold Standard wa ku Geneva. Msika umenewu ndiwo wafika m'midzi mwathu.

Apa ndipo pali phata la nkhani yonse, ndipo ndikupemphani kuti muyende nane pang'onopang'ono. Chimene chimagulitsidwa pa chiphaso cha nkhalango si mtengo umene waima, koma mtengo umene ukanagwa. Taganizani za mlonda amene walembedwa ntchito pa nkhokwe, pangano lake n'kukhala lakuti adzalipidwa molingana ndi matumba a chimanga amene akanabedwa iye kukanakhala kulibe. Pakutha pa chaka, nkhokwe ili yodzaza, ndipo onse akondwa. Koma akuba akanatenga matumba angati? Mlondayo akati khumi, malipiro ake ndi ochepa. Akati zana, walemera. Ndipo palibe mboni imene ingamutsutse, pakuti chaka chimene iye kunalibe sichinakhaleko. Onjezani pamenepo kuti wobwera kudzatsimikiza mawu a mlonda amalipidwa ndi mlonda yemweyo, ndi kuti mwini kaundula amene amasindikiza ziphaso amalandira kangachepe pa chiphaso chilichonse chimene watulutsa, ndipo muona kuti pa mzere wonsewo, kuchokera kunkhalango mpaka kwa wogula amene akufuna ziphaso zambiri zotchipa, palibe ngakhale mmodzi amene amapindula chiwerengero chikakhala chochepa. Sindikunena kuti onse ndi akuba. Ndikunena kuti sikelo imene aliyense woigwira amafuna kuti ilemere mbali imodzi siingakhale yolungama nthawi yaitali. Palinso mavuto ena awiri amene mwana wa kumudzi angawaone msanga kuposa katswiri wa mu ofesi. Wootcha makala akathamangitsidwa tsidya lino amangowoloka mtsinje n'kukagwetsa mitengo ya tsidya linalo. Ndipo nkhalango imene yasungidwa zaka makumi awiri ikhoza kupsa ndi moto wolusa tsiku limodzi la mu Okutobala, pamene utsi wa ndege umene inalipirira udzakhala mumlengalenga zaka mazanamazana.

Zimenezi si nthano, ndipo anansi athu a ku Zimbabwe anaziona ndi maso. M'chaka cha 2011, m'maboma a Binga, Nyaminyami, Hurungwe ndi Mbire, kufupi ndi nyanja ya Kariba, kunayambika ntchito yoteteza nkhalango ya mahekitala pafupifupi 785,000, imodzi mwa zazikulu koposa pa dziko lonse. Kampani ya South Pole ya ku Switzerland ndiyo inkawerengera ndi kugulitsa ziphaso zake, ndipo pakati pa ogula panali mayina otchuka monga Volkswagen, Gucci ndi Nestlé. Kwa zaka khumi ntchitoyi inkatamandidwa m'misonkhano ngati chitsanzo, kufikira 2023, pamene atolankhani a Follow the Money ku Netherlands ndi a magazini ya The New Yorker anaonetsa kuti chiwonongeko chimene chinaloseredwa poyamba chinali chachikulu kwambiri kuposa chimene chinachitikadi m'nkhalango zoyerekezera, ndiponso kuti njira imene ndalama zinayenda kuchoka kwa ogula kufika kwa anthu a m'midzi inali yosalondoleka. M'Okutobala chaka chomwecho South Pole inachoka m'ntchitoyi, ndipo mu 2025 Verra mwiniwake anavomera kuti ziphaso zoposa 15 miliyoni mwa pafupifupi 27 miliyoni zinali zopyola muyeso. Makampani aja anali atatulutsa kale utsi wawo, ndipo madzi akatayika sawoleka.

Ngakhale mbaula sizinapulumuke. Palibe mayi amene anasiya mafuwa atatu n'kuyamba kuphikira pa chitetezo mbaula, kapena pa mbaula ya njerwa yomangidwa m'khitchini, amene angakane ubwino wake: nkhuni zimachedwa kutha, utsi wolasa m'maso ndi m'chifuwa umachepa, ndipo ulendo wa kuphiri ndi mtolo pamutu umakhala wa apo ndi apo. Ambiri mwa amayi amene analandira mbaula zaulere anasayina kapepala, ndipo si onse anauzidwa momveka kuti pa kapepalako akupereka kwa kampani ufulu wogulitsa mpweya umene mbaulayo yapulumutsa. Apanso funso n'lomwe lija la mlonda: nkhuni zapulumuka zingati, ndipo mbaula zingati zikugwiradi ntchito, osati zimene zinasweka kapena zasanduka pogona nkhuku? Kumayambiriro kwa 2024 akatswiri a ku yunivesite ya California ku Berkeley anapeza kuti ziphaso za mbaula zimene anazifufuza zinali zochuluka pafupifupi kasanu ndi kanayi kuposa zoyenera. Ndipo m'Okutobala chaka chomwecho boma la America linatsegulira mlandu wachinyengo Kenneth Newcombe, amene anali mkulu wa kampani ya C-Quest Capital, pomuganizira kuti iye ndi anzake anasintha ziwerengero za mbaula za ku Malawi, Zambia ndi Angola. Iye anaukana mlanduwo. Chimene chimandiwawa ine pa nkhaniyi n'chakuti makhitchini a amayi athu anatchulidwa m'khoti la ku New York, eni makhitchiniwo osadziwa kuti utsi wawo unali ndi mtengo wotani.

Tingalakwe komabe tikati m'malondawa mulibe chabwino chilichonse. Kumene nkhalango ilibe mtengo ili chilili, imakhala ndi mtengo ikagwa, ndipo thumba la makala pamsewu wa Zalewa limalankhula mokweza kuposa ulaliki uliwonse wa za chilengedwe. Choncho ndalama imene ingapikisane ndi makala si yonyoza. M'chigwa cha Luangwa ku Zambia, mafumu amene anagwirizana ndi BioCarbon Partners kapena COMACO alandirako ndalama zimene anthu awo akumbira mijigo ndi kumangira zipinda zophunziriramo. Kuno kwathu ntchito ya Kulera inalumikiza midzi yozungulira Nyika, Vwaza ndi Nkhotakota ku msika womwewu. Ndipo m'chaka cha 2021 Mozambique inakhala dziko loyamba kulandira malipiro kuchokera ku thumba la nkhalango la World Bank, madola 6.4 miliyoni a ku America, chifukwa cha matani 1.28 miliyoni amene anapulumutsidwa m'maboma asanu ndi anayi a chigawo cha Zambézia, chimene chinachita malire ndi Mulanje. Kumeneko anayeza dera lonse pamodzi ndi zithunzi za satelayiti, analipira ntchito itaoneka, ndipo pangano linati magawo 70 pa 100 apite kwa anthu a m'midzi. Koma gawani nokha ziwerengerozo: tani imodzi inagulidwa madola 5. Ku Ulaya, kumene mafakitale amakakamizidwa ndi lamulo kugula chilolezo cha utsi wawo chiyambire 2005, tani yomweyo inafika mayuro 100 m'Febuluwale 2023. Thambo silisiyanitsa tani ya mzungu ndi tani ya Mlomwe. Msika wokha ndiwo umasiyanitsa.

Tsono ndinene chimene chandichititsa kulemba zonsezi. Pabwalo la mfumu, ng'ombe za munthu zikadya munda wa mnzake, milandu imakhala iwiri: mwini ng'ombe apereke chipepeso cha chimanga chimene chawonongeka, ndipo amange khola kuti zisabwerezenso. Malonda a kaboni sali chimodzi mwa ziwirizi. Ali ngati mwini ng'ombe zana amene akuuza mwini mbuzi imodzi kuti, nayi ndalama, manga mbuzi yakoyo kuti ng'ombe zanga zipitirize kudya msipu. Ndalama yotero ndi malipiro a ganyu, ndipo waganyu ayenera kulandira zake mokwanira ndi mopanda manyazi. Koma mlandu wa munda uja ukadali pabwalo, sunaweruzidwe. Mayiko osauka anaumirira mlandu umenewu zaka makumi atatu, kufikira pamsonkhano wa ku Sharm el-Sheikh, ku Egypt, mu 2022, pamene anavomerezana kukhazikitsa thumba lolipirira zowonongeka. Boma la Scotland, kwawo kwa David Livingstone, linali litatsogola kale mu 2021 ndi mapaundi 2 miliyoni, ndipo zina mwa ndalamazo zinafika ku Malawi. Koma pamene thumbalo linatsegulidwa ku Dubai mu 2023, malonjezo onse pamodzi anali pafupifupi madola 700 miliyoni, oti agawane mayiko onse osauka a dziko lapansi, pamene boma la Malawi ndi abwenzi ake anawerengera kuti kukonzanso zimene Freddy yekha anawononga kukufunika madola 680 miliyoni. Pa mtengo wa ku Zambézia uja, tikanayenera kugulitsa ziphaso 136 miliyoni kuti tilipire namondwe mmodzi amene sitinamuitane. Aliyense wotiuza kuti msika wa kaboni ndiwo udzapukuta misozi ya ku Nsanje akusakaniza ganyu ndi chipepeso, ndipo kusakaniza kotero kumakomera mwini ng'ombe.

Pali chinanso chimene chiyenera kudzutsa makutu a mtundu umene ukukumbukira thangata. M'chaka cha 2023 kampani ya ku Dubai yotchedwa Blue Carbon inasayinirana mapepala a chimvano choyambirira ndi maboma a Liberia, Tanzania, Zambia ndi Zimbabwe, okhudza nkhalango za mahekitala mamiliyoni ambiri. Ku Zimbabwe anali mahekitala 7.5 miliyoni, pafupifupi gawo limodzi la magawo asanu a dziko lonselo. Mapepalawo sanali ogulitsa nthaka, ndipo mapangano a kaboni kawirikawiri satero. Koma amene wagula ufulu pa mitengo kwa zaka makumi atatu wagulanso mawu pa funso lakuti ndani atole nkhuni, ndani adyetse ziweto, ndani atsegule munda wa mwana amene wakwatira. M'zaka za m'ma 1890, pamene Harry Johnston ankapereka kwa azungu zikalata zotsimikiza umwini wa malo a m'mapiri a Shire, mafumu ambiri anali atalandira nsalu ndi mikanda poganiza kuti angobwereketsa pokhala, ndipo adzukulu awo anadzuka ali alendo pa nthaka ya makolo awo. Esau naye sanaone choipa pa mbale ya mphodza tsiku limene anali ndi njala. Pamsonkhano wa ku Baku mu 2024 mayiko anamaliza kugwirizana malamulo a malonda amenewa pansi pa pangano la ku Paris la 2015, ndipo limodzi mwa iwo n'lakuti tani imene dziko lagulitsa kwa dziko lina silingaiwerengenso pa malonjezo ake. Mbuzi imodzi siigulitsidwa kawiri. Popeza malamulowo alipo tsopano, ogula achuluka m'zaka zikudzazi, ndipo adzayamba ndi matani athu otchipa.

Kwa inu mafumu, eni nthaka ndi eni mbumba, ndi kwa inu a makomiti a zachilengedwe m'midzi, amene galimoto zoyera zidzaima pakhomo panu ndi mapepala: landirani alendowo mwaulemu monga mwa mwambo wathu, pakuti mwina ndi iwo adza ndi kalumo kakuthwa, koma safunsa anadya phula. Pemphani kuti panganolo liwerengedwe m'chinenero chanu pabwalo, amayi otola nkhuni ali pomwepo. Funsani kuti n'la zaka zingati, ndi kuti n'chiyani chimene mukuchita lero chimene mudzaletsedwa mawa. Funsani amene adzawerenge matani ndi amene adzamulipire. Funsani kuti chiphaso chimodzi chidzagulitsidwa ndalama zingati kutsidya kwa nyanja, ndi zingati mwa izo zidzafike m'mudzi, m'buku la banki la yani. Funsaninso kuti moto ukadzatentha nkhalango, ngongoleyo idzagwera ndani. Akakuyankhani momveka ndi kukusiyirani pepala lanu losunga, kambiranani ndi anthu anu, ndipo mukagwirizana, sayinani. Koma akakuuzani kuti zimenezo ndi chinsinsi cha kampani, chala chanu chisakhudze inki tsiku limenelo.